Mfuti ya mpweya yotsika mtengo: kugula, kukonza malo ndi kuphunzira kuwombera chandamale

Mfuti yanga yoyamba ya mpweya ndinaigula kwa bambo wina ku Limbe, ndipo chomwe chinandikopa chinali nambala yaikulu yolembedwa pabokosi lake, yosonyeza kuti kachipolopolo kamachoka pa liwiro la mamita oposa 300 pa sekondi. Inali ndi sikopu, galasi lolunjikira lokuza zinthu zakutali, yonyezimira pamwamba, moti pofika nayo kuno ku Mangochi mtima unali m'malo kuti ndatola chinthu chabwino pa mtengo wozizira. Mwezi usanathe, timizere ta mkati mwa sikopuyo tinapendama, masikuluwu anayamba kumasuka okha, ndipo mabowo papepala la chandamale ankangomwazikana ngati madeya omwe nkhuku zapalasa. Ndinataya miyezi ingapo ndikudziimba mlandu kuti manja anga ndi onjenjemera, pamene vuto lenileni linali lakuti ndinagula mfuti yaukali kuposa ntchito yomwe ndinkaifunira. Ndikulemba malangizo ano kuti amene ndalama zake ndi zowerengeka asadutse njira yomweyo. Mfundo yake ndi imodzi: gulani mfuti yofatsa, ya mphamvu yochepa, ndipo ndalama zotsala muziike pa tizipolopolo tabwino ndi pamalo owomberapo otetezeka.

Poyambira ndi kupolisi

Musanalankhule ndi wogulitsa aliyense, pitani kaye kupolisi. Nkhani za mfuti m'dziko muno zili pansi pa lamulo la Firearms Act, ndipo zilolezo zimayendetsedwa ndi apolisi. Lembani papepala dzina la mfuti yomwe mukufuna, kukula kwa mpope wake ndi mphamvu yake monga momwe kampani yoipanga yalembera, mupite nalo kupolisi ya Mangochi, kapena ya Monkey Bay ngati mumakhala chakumeneko, mukafunse zomwe zikufunika kuti mukhale nayo pakhomo. Mawu a wogulitsa akuti iyi ndi yoseweretsa chabe musawadalire, chifukwa tsiku lomwe mudzaimitsidwe pa rodibuloko iyeyo sadzakhalapo.

Ambiri kuno tili ndi abale ku Joni, choncho maganizo otumiza ndalama kwa mlamu kuti akweze mfuti pabasi adzakufikirani ndithu. Ku South Africa mfuti za mpweya za mpope wochepera mamilimita 5.6 zimagulitsidwa popanda laisensi, koma lamulo limenelo limathera pa Beitbridge. Katunduyo ayenera kudutsa Zimbabwe ndi Mozambique asanafike pachipata cha Mwanza kapena cha Dedza, ndipo amene angavutike akapezeka nayo m'chikwama popanda mapepala ndi mlamu wanuyo. Funsani apolisi ndi a MRA za chilolezo cholowetsera musanatumize ngakhale tambala imodzi.

Mukatero, dziwitsani amfumu, achitetezo cha m'mudzi ndi anansi anu. Munthu woona chapatali sangasiyanitse mfuti ya mpweya ndi mfuti ya zipolopolo zenizeni, ndipo mphekesera yakuti uje akusunga mfuti imayenda msanga kuposa kufotokoza kwanu. Ponyamula, muziika m'chikwama chotseka, yopanda kachipolopolo mkati. Dziwaninso kuti zomwe ndikulemba pano ndi za chandamale cha pepala basi. Nkhwazi, akakowa ndi mbalame zina za m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire zisiyeni. Lamulo la National Parks and Wildlife Act linakonzedwanso mu 2017 ndipo zilango zake zinakwera kwambiri, choncho ku Lake Malawi National Park, ku Liwonde ndi ku Mangochi Forest Reserve musalowe nayo n'komwe.

Mtundu woyenera kuno

Mfuti za mpweya zimasiyana pa njira yomwe zimapezera mphamvu yokankhira kachipolopolo, ndipo pamenepa ndi pomwe ndalama zambiri zimatayikira. Mtundu woyamba ndi wa sipuling'i. Mukathyola mpope n'kuukokera pansi, mumakankhira pisitoni kumbuyo ndi kupanikiza sipuling'i yaikulu ya mkati. Mukakoka tiriga, sipuling'iyo imamasuka, pisitoni imathamangira kutsogolo n'kufinyira mpweya pakabowo kakang'ono kuseri kwa kachipolopolo. Sifuna pampu, sifuna gasi, sifuna magetsi, ndipo sipuling'i ikathyoka patapita zaka imasinthika. Palinso zina zooneka chimodzimodzi zomwe m'malo mwa sipuling'i zili ndi kasilinda ka gasi wotsekeredwa. Zimenezi zimawomba mosanjenjemera kwambiri, koma kasilindako kakayamba kutulutsa gasi palibe mmisiri wa pamsika angakakonze, muyenera kuitanitsa kena kunja.

Mtundu wachiwiri ndi wa CO2, womwe umagwiritsa ntchito timabotolo tachitsulo tokhala ndi magalamu 12 a gasi wa CO2. Ndi wosavuta kuwombera chifukwa sugwedezeka, koma kabotolo kamodzi kamatha mukawomba maulendo makumi angapo, ndipo timabotoloti timachokera kunja, mtengo wake umatsatira dola. Amene akukumbukira mmene mitengo inakwerera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 amvetsa chifukwa chake sindikulimbikitsa mfuti yofuna kugulira mpweya mwezi ndi mwezi. Vuto lina ndi kutentha kwathu. Mphamvu ya CO2 imadalira nyengo: pa madigiri 20 imakhala pafupifupi ma bar 57 (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya), ndipo imakwera kwambiri kukamatentha. Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa la ku Mangochi likafika pachimake, mfuti yotere imawomba mwina m'mawa, mwina masana, ndipo chandamale chomwe munachilunjika bwino dzulo mumachiphonya lero. Ngati muli nayo kale, timabotoloto musatisiye m'galimoto yoima padzuwa.

Mtundu wachitatu ndi wa PCP, womwe uli ndi silinda yodzazamo mpweya wopanikizika mpaka ma bar 200 kapena kuposerapo. Izi ndi mfuti zolondola kwambiri, koma tayala la galimoto yaing'ono limangofuna ma bar awiri kapena atatu, kotero pampu ya njinga kapena kompuresa ya pamalo omatira matayala singathandize. Mufunika pampu yakeyake, yomwe imadya ndalama zofika pa mtengo wa mfuti ina yathunthu, ndipo chinyezi cha m'mbali mwa nyanja chikalowa m'silinda chimadzetsa dzimbiri komwe maso saona. Chenjezo limodzi ndiliike poyera chifukwa ndi nkhani ya moyo: musalole wina aliyense kudzaza silinda yotere ndi okosijeni wa owotcherera zitsulo, chifukwa okosijeni akakumana ndi girisi wa mkati amaphulika.

Za timipira tachitsulo totchedwa BB ndingonena mwachidule kuti zisiyeni. Timipirato tikagunda chinthu cholimba timabwerera komwe tachokera, ndipo papepala sizilondola.

Choncho yankho langa kwa woyamba kumene ndi mfuti ya sipuling'i yothyola mpope. Maina omwe mudzakumane nawo kawirikawiri pamitengo yotsika ndi Gamo ya ku Spain, Hatsan ya ku Turkey, Crosman ya ku America ndi Artemis ya ku China. Za Diana ndi Weihrauch za ku Germany ndi zokwera mtengo zikakhala zatsopano, koma mukapeza yakale yosamalidwa bwino, kapena BSA Meteor ya ku England yomwe inayamba kupangidwa mu 1959, muiganizire mozama, chifukwa mfuti yakale yopangidwa mwaluso nthawi zambiri imaposa yatsopano yongonyezimira.

Kukula kwa mpope ndi mphamvu

Mipope yofala ndi iwiri, wa .177 womwe ndi mamilimita 4.5 ndi wa .22 womwe ndi mamilimita 5.5. Pa chandamale cha pepala sankhani wa 4.5. Kachipolopolo kake kamalemera pafupifupi theka la galamu, kamayenda mowongoka pamtunda waufupi, ndipo chitini chimodzi chimakhala ndi tizipolopolo 500, pamene za 5.5 nthawi zambiri zimabwera zochepa pa ndalama zofanana.

Pa mphamvu ndi pomwe ndikufuna muchedwepo, chifukwa ndi pomwe ine ndinagwera. Masewera a mfuti ya mpweya analowa m'mpikisano wa Olympics mu 1984 ku Los Angeles, ndipo mpaka lero akatswiri amawombera pamtunda wa mamita 10 ndi mpope wa mamilimita 4.5, kulunjika kadontho kapakati kotalika theka la milimita. Mfuti zawo zili ndi mphamvu ya ma joule pafupifupi 7.5 (joule ndi muyeso wa mphamvu yomwe kachipolopolo kamachoka nayo), ndipo kachipolopolo kamachoka pa liwiro la mamita pafupifupi 170 pa sekondi. Ku Germany ma joule 7.5 omwewo ndiwo malire a mfuti yomwe munthu wamkulu angagule popanda laisensi, pamene ku England malire ndi ma joule pafupifupi 16. Ngati anthu omenya kadontho kochepa chotero akukhutira ndi mphamvu imeneyo, ife owombera pepala kuseri kwa nyumba sitifunika yoposa.

Mfuti yotsika mtengo ikakhala yaukali, sipuling'i yake imakhala yolimba mopambanitsa, kuithyola kumatopetsa mkono, ndipo powomba imagwedezeka kawiri: kumbuyo pisitoni ikamanyamuka, kutsogolo ikamagunda kumapeto. Kugwedezeka kwachiwiriko ndiko kumaswa masikopu otchipa ndi kumasula masikuluwu. Komanso kachipolopolo ka mtovu kanapangidwa kuti kaziyenda pansi pa liwiro la phokoso, lomwe ndi mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Kakayandikira pamenepo kamayamba kugwedera m'malere. Nambala zikuluzikulu za pabokosi nthawi zambiri amaziyeza ndi tizipolopolo topepuka kwambiri tomwe simudzagwiritsa ntchito. Funani mfuti ya pakati pa ma joule 7.5 ndi 16, kapena ya liwiro la mamita 170 mpaka 240 pa sekondi. Mabokosi ambiri amalemba liwiro mu fps, kutanthauza mafiti pa sekondi, ndipo pamenepo muyang'ane nambala ya pakati pa 550 ndi 800. Onetsetsaninso kuti ili ndi zolunjikira zakezake zachitsulo, chakutsogolo ndi chakumbuyo chosunthika. Sikopu idikire kaye.

Kuyendera mfuti musanalipire

Kaya ndi yatsopano kaya ndi yakale, musapereke ndalama musanaigwire m'manja. Thyolani mpope pang'ono, tsimikizani kuti mulibe kachipolopolo, kenako suzumirani kuchokera kumbuyo moloza kuwala. Mkati muyenera kuoneka timizere tozungulira ngati ulusi wopota, topanda dzimbiri, chifukwa ndi timeneti timazunguliza kachipolopolo kuti kayende mowongoka. Tsekani mpopewo n'kuugwedeza cham'mbali. Ukamasewera ngakhale pang'ono, mfutiyo sidzalondola. Yang'anani karaba kozungulira komwe kali pomwe mpope umakumana ndi thupi la mfuti, kakhale kathunthu, kosaphwanyika. Pemphani kuwomba kawiri kapena katatu pamalo otetezeka, ndipo pothyola mumvetsere bwino: phokoso lokhala ngati mchenga ukukhuzika mkati limasonyeza sipuling'i yothyoka kapena mkati mouma. Ikani kapepala kopyapyala pamwamba pa pokumanira paja powomba. Kakadumpha, mpweya ukutayika. Pomaliza, lembani nambala ya mfutiyo, tengani lisiti, ndipo ngati mwagula kwa munthu, mulemberane kalata yogulitsana pamaso pa mboni.

Pa tizipolopolo musaumire. Ta mutu wafulati ndi tabwino papepala pamtunda wa mamita 10 chifukwa timaboola bowo looneka bwino, pamene ta mutu wozungulira timapirira mphepo mukatalikitsa mtunda. Tosongoka timakopa maso m'sitolo koma kawirikawiri sitilondola. Makampani a JSB a ku Czech Republic, H&N ndi RWS a ku Germany amadziwika ndi tizipolopolo tofanana bwino kukula ndi kulemera. Mfuti iliyonse ili ndi mtundu womwe imagwirizana nawo, moti ziwiri za dzina limodzi zikhoza kukonda mitundu yosiyana, choncho gulani mitundu iwiri kapena itatu muyese musanagule zitini zambiri. Kachipolopolo kopindika kumbuyo kataye, ndipo komwe kawombedwa kale musakabwezere mumpope.

Malo owomberapo

Gawo ili ndi lomwe limandidetsa nkhawa kuposa ena onse, chifukwa makomo athu ali pafupipafupi ndipo mipanda yambiri ndi ya udzu, bango kapena milaza. Mpanda wotere subweza kachipolopolo. Kuseri kwake kumakhala bafa la anansi, khola la mbuzi, kapena kanjira komwe ana amadutsa pochokera kusukulu ndi ku madarasa. Mfuti yofatsa yomwe ndikuyamikirayi ikhoza kuphulitsa diso kapena kupha mwana, ndipo kachipolopolo kowombedwa m'mwamba kamakagwa mamita mazana angapo kutali. Ngati pakhomo panu palibe malo okhala ndi khoma la njerwa lalitali kuposa munthu kumbuyo kwa chandamale, musawombere pakhomopo. Pemphani malo kwa mnzanu amene ali ndi mpanda wa njerwa, kapena pezani pamalo pomwe pali chiunda chadothi chachitali kutali ndi njira.

Khomalo ndi chitetezo chomaliza chabe, musamawombere palo penipeni. Tengani matumba a fetereza anayi kapena asanu ndi limodzi, adzazeni mchenga wopanda miyala, muwasanje motsamira khoma mpaka afike m'chifuwa mwanu, m'lifupi mosachepera mita imodzi. Kutsogolo kwake ikani katoni yodzaza nsanza zopanikizidwa kwambiri, ndipo pepala la chandamale mulimate pakatoniyo. Nsanza zimagwira tizipolopolo mwakachetechete, ndipo mchenga umagwira tomwe taphonya. Malata, miyala, mabotolo, matayala akutha ndi thunthu la mgwalangwa ndi zinthu zobweza kachipolopolo, zichotseni kapena zipeweni. Kunyanja ndi kumtsinje musalozeko, pakuti kachipolopolo kamadumpha pamadzi monga mwala wophwatalala, ndipo kumeneko kumakhala asodzi m'mabwato ndi amayi ochapa padooko.

Yezani mamita 10 ndi tepi, osati ndi mapazi, n'kukhoma chikhomo pomwe muziima. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Aliyense amene alipo avale magalasi oteteza maso, omwe amagulitsidwa m'mahadiweya paboma, ndipo aime kumbuyo kwa wowombera. Muzikhalanso ndi munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana basi. Tsiku lina m'mawa ndili chilunjikire, diso limodzi lili pa chandamale, mphwanga anafuula kuti, "Malume, imani, mbuzi!" Kamwana kambuzi ka anansi kanali katalowa pampata wa pansi pa geti n'kumapita kukanunkhiza matumba a mchenga, ndipo kumbuyo kwake kunali kamtsikana ka zaka zisanu kakuthamangira kudzakabweza. Ine sindinaone chilichonse mwa ziwirizi, chifukwa munthu akamalunjika amaona malo ochepa ngati chikhatho. Kuyambira tsiku limenelo geti timalitseka ndi loko tisanatulutse mfuti, ndipo mawu akuti imani akamveka kuchokera kwa aliyense, ngakhale mwana, chala chimachoka pa tiriga ndipo mpope umaloza pansi.

Kuika kachipolopolo

Tsatirani ndondomeko imodzi nthawi zonse mpaka manja azolowere. Lozetsani mfuti ku chandamale, chala chikhale kunja kwa chotchinga cha tiriga. Tsamiritsani mbali yakumbuyo ya mfuti pantchafu kapena m'chiuno, menyani pang'ono kunsonga kwa mpope ndi chikhatho kuti uthyoke, kenako ukokereni pansi mpaka mumve kuti wakola. Dzanja lomwe lagwira mpope lisausiye. Apa ndi pomwe anthu amavulala: tiriga ikamasuka mwangozi mpope uli chothyoka, umabwerera ndi mphamvu yonse ya sipuling'i, umatha kuphwanya chala chomwe chikuika kachipolopolo, ndipo mpopewo umapindika osawongokanso. Mfuti zambiri zili ndi kachitsulo koletsa ngozi yotere, koma pa mfuti yotchipa musaike chala chanu m'manja mwa kachitsulo komwe simukukaona. Ndi dzanja linalo lowetsani kachipolopolo, mutu kutsogolo, mukakankhe mpaka kafanane ndi pakamwa pa mpope, ndiyeno tsekani mpaka mumve kuti watsekeka ndithu. Loko ya tiriga muichotse pokhapokha mfuti ili paphewa ndipo yaloza chandamale.

Zinthu ziwiri musachite ndi mfuti ya sipuling'i. Musaiwombe yopanda kachipolopolo, chifukwa pisitoni imakagunda kumapeto popanda mpweya woibweza ndipo raba yake imawonongeka. Musaisiyenso yokoka kwa maola ambiri, sipuling'i imafooka.

Kagwiridwe ndi kawombedwe

Yambani mutakhala pampando, patebulo lolimba, kathumba ka mchenga kali patsogolo panu. Mfuti ya sipuling'i imayamba kugwedezeka kachipolopolo kasanatuluke mumpope, choncho chinsinsi chake ndi kuilola kuti igwedezeke mofanana nthawi iliyonse. Musaikhazike pachinthu cholimba, ndipo musaifinye ngati mukugwira khasu. Ikani dzanja lanu pakathumba ka mchenga, chikhatho chotambasula, mfuti igone pachikhathopo pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Ine ndinamata kachidutswa ka tepi pansi pa yanga kuti dzanja lisamasochere. Paphewa ingokhudza, tsaya ligone mopepuka. Oyamba kumene ambiri amaona ngati kugwira kolimba ndiye kulondola, ndipo zimatenga masiku kuti akhulupirire kuti mfuti yotere imafuna dzanja lofewa.

Dziwani diso lanu lotsogolera. Tambasulani manja, pangani kabowo ndi zala, yang'anani chinthu chakutali ndi maso onse awiri, kenako tsinzinani limodzilimodzi. Diso lomwe likakhala lotsegula lokha chinthucho chikuonekabe pakabowo ndilo muzilunjikira. Polunjika, kachitsulo kakutsogolo kakhale pakati penipeni pa mpata wa chakumbuyo, nsonga zake zifanane msinkhu, ndipo diso lanu likhazikike pa kachitsulo kakutsogoloko ngakhale chandamale chioneke mwachimbuuzi. Pumani kawiri, tulutsani mpweya pang'ono, imani, ndipo kokani tiriga pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala molunjika kumbuyo. Mukaona kuti masekondi asanu ndi atatu adutsa musanawombe, tsitsani mfuti muyambirenso, chifukwa maso ndi manja zatopa kale. Mfuti ikalira musadzutse mutu kufuna kuona bowo. Khalani chomwecho masekondi awiri.

Kuwongola zolunjikira

Jambulani kadontho kakuda kokula ngati chitsekero cha botolo la zakumwa pakati pa pepala loyera. Wombani kasanu mukulunjika malo amodzi, osasintha kanthu ngakhale muone kuti mabowo akupita kumbali. Chomwe mukufuna poyamba ndi chakuti mabowo asanuwo aunjikane pamodzi, kaya ali pamwamba kaya ali kumanzere. Akamwazikana, musakhudze zolunjikira; mangani kaye masikuluwu omwe amagwira chitsulo ku thupi la mfuti, awiri kutsogolo ndi ena pafupi ndi tiriga, mobwereza koma osapitirira mpaka kuphwanya, kenako unikaninso kagwiridwe kanu ndi mtundu wa tizipolopolo. Mfuti yatsopano imafunanso kuwombedwa maulendo mazana angapo kuti mkati mukhazikike, choncho chitini choyamba musachiwerengere.

Mabowo akayamba kuunjikana, sunthani cholunjikira chakumbuyo kupita komwe mukufuna kuti mabowo apite. Akakhala pansi pa kadontho, chikwezeni. Akakhala kumanzere, chisunthireni kumanja. Sinthani pang'ono, wombaninso kasanu, ndipo muwongole mbali imodzi pa nthawi. Woyamba kumene amene mabowo ake asanu akuphimbika ndi chitsekero cha botolo pa mamita 10 ali panjira yabwino. Mukafika pomachita zimenezi mobwereza, yambani kuphunzira choimirira, ndipo ngati mukufunabe sikopu, gulani yolembedwa kuti inapangidwira mfuti za sipuling'i, yokhala ndi kachikhomo koletsa kutsetsereka.

Kusamala mfuti, mtovu ndi ana

Chinyezi cha kunyanja ndi thukuta la m'manja zimadya chitsulo msanga, makamaka nyengo ya mvula. Mukamaliza kuwombera pukutani chitsulo chonse chakunja ndi kansalu kodontheza oyilo wochepa. Koma pakabowo kotulukira mpweya musadonthezemo oyilo wa galimoto, wa makina osokera kapena mafuta ophikira. Mpweya ukapanikizika mwadzidzidzi umatentha kwambiri, oyiloyo amayaka monga zimachitikira mu injini ya dizilo, mfuti imalira mokweza n'kutulutsa utsi, ndipo raba ya pisitoni imapsa. Ena amakondwa ndi kulira kumeneko poganiza kuti mphamvu yawonjezeka, pamene mfuti ikuwonongeka. Mkati mwa mpope simufuna kutsuka pafupipafupi. Mukaona kuti kulondola kwatsika, pindani pawiri chingwe cha mbedza cholimba, chilowetseni mumpope, kolekani kansalu koyera kumbuyo n'kukokera kutsogolo maulendo angapo. Waya kapena sipoko ya njinga musalowetsemo, zimakanda timizere tija.

Tizipolopolo ndi ta mtovu, ndipo mtovu ndi poizoni amene amawononga kwambiri ubongo wa ana. Chizolowezi chosunga tizipolopolo m'kamwa powombera, chomwe ndachiona kwa anthu akuluakulu ndithu, chisiyeni. Sambani m'manja ndi sopo musanakhudze nsima. Kamodzi pamwezi khuthulani katoni ya nsanza, sefani mchenga wapamwamba, ndipo mtovu wonse muusunge m'chitini chotseka, kuti nkhuku zisajomphe ndiponso ana asatole n'kumaseweretsa. Mumphika wophikira musasungunuliremo.

Mfuti isungidwe yopanda kachipolopolo, yosakoka, m'bokosi kapena m'kabati yokhoma, ndipo tizipolopolo tikhale malo ena okhomanso. Pansi pa bedi ndi kuseri kwa chitseko ana amafikako. M'chikwama chansalu musaisiye nthawi yaitali chifukwa nsalu imasunga chinyezi. Mwana wofuna kuphunzira aphunzire inu muli pambali pake, dzanja lanu lili pafupi ndi mpope, ndipo kiyi isachoke m'thumba mwanu. Mnzanu akabwera kudzabwereka kuti akathamangitsire anyani kumunda kapena akhwangwala pathandala la usipa, mukaneni mwaulemu, chifukwa chilichonse chomwe mfutiyo ikachite kumeneko chidzafunsidwa kwa inu.

Papepala lililonse lomwe mwawombera lembani tsiku, mtunda ndi mtundu wa tizipolopolo, n'kulisunga. Pakatha miyezi iwiri mapepalawo adzakuuzani okha tizipolopolo tomwe mfuti yanu imakonda ndiponso ngati nthawi yakwana yosunthira chikhomo chanu ku mamita 15, kenako 20. Musanatalikitse mtunda, onjezerani matumba a mchenga m'lifupi ndi m'litali, popeza kuphonya kwa pamtunda wautali kumakhalanso kwakukulu, ndipo muwongolenso zolunjikira chifukwa kachipolopolo kamatsika pamene mtunda ukukula. Pamenepo mphepo imayamba kuoneka papepala. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti, mwera ukamawomba, kachipolopolo ka theka la galamu kamakankhidwira kumbali mooneka ndithu pa mamita 20, choncho miyezi imeneyi ine ndimawombera m'mamawa mphepo isanadzuke, ndipo pakati pa ine ndi chandamale ndimazika ndodo yomangapo kansalu kopyapyala. Kansaluko kakatukuka ndimatsitsa mfuti n'kudikira, kakagona pandodo ndimalunjikanso.